Jury Yoyeserera ndi Chitseko Chimene Chinatsekedwa ku Wichita

M'chaka cha 1954, mumzinda wa Wichita ku Kansas, m'dziko la America, munabisidwa zojambulira mawu m'chipinda chimene jury inkakambiranamo milandu. Jury ndi gulu la anthu wamba, kawirikawiri 12, amene amaitanidwa kudzamva umboni m'khoti n'kupereka chigamulo. Ku Malawi ambiri anaimva mu 1995 pa mlandu wa imfa za ku Mwanza, umene Dr Kamuzu Banda ndi anzake anapezeka osalakwa. Amene anabisa zidazo ku Wichita anali ofufuza a ku University of Chicago, pa ntchito imene inkalandira ndalama kuchokera ku Ford Foundation. Woweruza ndi maloya a mbali zonse anavomera, koma a jury eni akewo sanauzidwe, ndipo milandu 6 inajambulidwa. Nkhaniyi itaululika mu 1955 inavuta zedi. Komiti ya Senate imene ankaitsogolera James Eastland inaitana aphunzitsi a malamulo Edward Levi ndi Harry Kalven kuti akayankhe mafunso, ndipo mu 1956 Congress inakhazikitsa lamulo loletsa kujambula kapena kumvetsera zokambirana za jury m'makhoti a boma lalikulu. Aliyense wofuna kuweruza jury yoyeserera ayenera kuyambira pamenepa, chifukwa njirayi inakula pamene chitseko cha jury yeniyeni chinali chotseka.

Ofufuza a ku Chicago, monga Fred Strodtbeck ndi Rita James Simon, ankatenga anthu amene aitanidwa kale ku khoti kudzadikira ntchito ya jury, n'kuwamveretsa mlandu wojambulidwa, kenako n'kuwasiya akambirane. Anali kufuna choloŵa m'malo, koma anapeza chida chochita zimene khoti silingathe. Mlandu weniweni umazengedwa kamodzi, ndiye palibe angadziwe chimene chikanachitika woweruza akanalankhula mwina. Mlandu woyeserera umaperekedwa kwa magulu ambiri, n'kusinthamo chinthu chimodzi chokha. Pa mlandu wina wa ngozi ya pamsewu umene Dale Broeder anafotokoza mu 1959, magulu amene anamva kuti wozengedwa mlandu alibe inshuwalansi anagamula chipukuta misozi cha pafupifupi madola 33,000. Amene anamva kuti ali nayo anakweza kufika 37,000. Koma amene anamva za inshuwalansiyo, loya n'kudandaula, woweruza n'kuwalamula kuti aiwale zimenezo, anagamula 46,000. Makhoti anali atakhala zaka zambirimbiri akukhulupirira kuti mawu a woweruza amafufuta zimene khutu lamva kale, pomwe apa mawuwo anachita ngati kuthira mafuta pamoto.

Funso la kukula kwa jury ndi kagamulidwe kake ndi limene linakweza ntchitoyi kufika ku khoti lalikulu koposa la America. Mu 1970, pa mlandu wa Williams v. Florida, khotilo linalola jury ya anthu 6, ponena kuti siisiyana kwenikweni ndi ya 12. Ofufuza anayamba kuyesa zimenezo, ndipo mu 1978, pa mlandu wa Ballew v. Georgia, woweruza Harry Blackmun anatsamira pa zofufuzazo pokana jury ya anthu 5. Mu 1983 Reid Hastie, Steven Penrod ndi Nancy Pennington anasindikiza zotsatira za magulu 69 a anthu 12 ku Massachusetts amene anaonera filimu imodzi ya mlandu wakupha. Magulu amene anayenera kugwirizana onse anakambirana pafupifupi mphindi 138, amene ankafunika mavoti 10 anatha mphindi 103, ndipo a mavoti 8 anatha mphindi 75 zokha. Mavoti akangokwana, otsalawo sankamvedwanso.

Otsutsa njirayi ali ndi mfundo, ndipo wamphamvu mwa iwo anali woweruza William Rehnquist. Mu 1986, pa mlandu wa Lockhart v. McCree, khoti linapatsidwa zofufuza 15 zokhudza mchitidwe wochotsa mu jury anthu okana chilango cha imfa, ndipo zina mwa izo zinkasonyeza kuti otsalawo amafulumira kupeza munthu wolakwa. Rehnquist anazichepetsa ponena kuti ambiri mwa ofunsidwawo sanali a jury enieni amene alumbira ndipo asenza moyo wa munthu m'manja mwawo. Kudandaulaku kuli pawiri. Koyamba n'kwakuti zofufuza zambiri zimagwiritsa ntchito ophunzira a ku yunivesite owerenga mlandu wachidule papepala. Kumeneku kunayankhidwa ndithu: mu 1999 Brian Bornstein anasanthula zofufuza za zaka zambiri n'kupeza kuti nthawi zambiri ophunzira ndi anthu ena sasiyana kwambiri pa zigamulo zawo. Kwachiwiri n'kolemera, ndipo sikuyenera kupeputsidwa. Munthu wodziwa kuti palibe akapite kundende chifukwa cha voti yake sagona ndi nkhawa imene wa jury weniweni amagona nayo, ndipo palibe luso lofufuzira lingam'patse nkhawayo.

Komabe n'kupanda chilungamo kuti malamulo aletse kuona chenichenicho, kenako makhoti akane choyesereracho chifukwa choti si chenicheni. Umboni umene Rehnquist ankafuna ndi womwe sukanapezeka, ndipo kukana jury yoyeserera sikusiya woweruza ali ndi umboni wabwino kuposa pamenepo. Kumam'siya ndi zongoganiza zake, zimene palibe anaziyesapo. Chitseko chitatsegulidwa pang'ono, zimene zinaoneka m'katimo zinali zodziwika kale. Pakati pa 1998 ndi 2001 makhoti a ku Arizona analola kujambula zokambirana za jury pa milandu 50 yosakhudza upandu ku Pima County, a jury akudziwa. Shari Diamond, Neil Vidmar ndi anzawo anapeza kuti m'milandu yambiri a jury ankakamba za inshuwalansi ngakhale kuti lamulo silifuna, ndiponso kuti kumene mavoti a ambiri anali okwanira, ochepa otsutsa nthawi zina ankangodutsidwa.

Jury yoyeserera inayesedwanso ku Scotland, kumenenso lamulo linkaletsa kufunsa a jury zimene anakambirana. Kafukufuku wa boma wa 2019 anasonkhanitsa magulu oyeserera 64 kuti aone mmene chigamulo chachitatu cha dzikolo, chonena kuti mlandu sunatsimikizike, chinkagwirira ntchito. Zinaoneka kuti anthu ankachimva mosiyanasiyana ndiponso kuti chikakhalapo ochepa ankavotera kuti munthu ndi wolakwa. Mu 2025 nyumba ya malamulo ya Scotland inavota kuti chigamulocho chithetsedwe.