Mmene Nthano Inafikira ku Kabanana

Iwo amene anachoka ku Katete, ku Chadiza ndi m'midzi ina ya kum'mawa, nadzamanga nyumba zawo kumpoto kwa Lusaka kumene lero kuli Mandevu, komboni ya Chipata ndi Kabanana, ngakhale anafika ndi katundu wochepa, sanasiye m'mbuyo luso limene makolo awo analerera nalo ana, ndilo kukamba nthano mwa njira yakuti womvera aone kumene nkhani ikupita isanafike.

Kumudzi nthano inali ndi malamulo ake. Masana sinkakambidwa, pakuti masana ndi a khasu ndi mtondo. Koma dzuwa litalowa, makamaka anthu atakolola, agogo ankati "Padangotero," ana onse navomera kuti "Tili tonse," ndipo amene waleka kuvomera ankadziwika kuti tulo tamugwira. Tsono taonani nzeru ya akale m'nthano ya chitsime chimene nyama zinakumba m'chaka cha chilala, Kalulu atakana kugwira nawo ntchito. Mlonda woyamba wa chitsimecho anyengedwa ndi uchi wa Kalulu, namangidwa; wachiwiri chimodzimodzi; ndipo pamene Fulu, wonyozeka uja, apempha kuti alondere iye, agogo ankaima dala, nasonkhezera moto ngati aiwala nkhani, kenaka nafunsa kuti, "Nanga inu adzukulu, mukuti zitha bwanji?" Pamenepo ana ankayankha mopikisana, wina kuti Fulu amangidwa monga anzake, wina kuti ayi, pakuti m'nthano wamng'ono sabwera pachabe, ndipo wolasa ankayamikidwa, wophonya nasekedwa pang'ono, koma osakwapulidwa.

Sikunali kulosera kwa m'maula kumeneku. Mwana ankalingalira kuchokera pa khalidwe: Fisi ndi wadyera, chotero akaona nyama aiwala pangano; ndiponso nyimbo ya m'nthano ikabwera kachitatu, chinthu chatsala pang'ono kusintha. Akulu anadziwa kuti chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo anafuna kuti mwana amene mawa adzakhala pabwalo la milandu, kapena adzakwatiwa kwa eni, azolowere kuona mathero a chinthu pa chiyambi chake.

Lusaka atakhala likulu mu 1935, ndipo lamulo la nyumba la 1948 litatsegula njira yakuti antchito azikhala m'tauni ndi mabanja awo, ana anachuluka m'makomboni, koma agogo ambiri anatsala kumudzi. Wailesi ndiyo inatenga malo awo, makamaka itafika ya mtengo wotsika ija yotchedwa Saucepan Special mu 1949; ndipo dziko litalandira ufulu, Julius Chongo anakometsa madzulo a anthu olankhula Chinyanja ndi pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo, mmene iye yekha ankasintha mawu kukhala mfumu, nkhalamba ndi mwana. Ndimlemekeza kwambiri munthu ameneyo, koma wailesi ili ndi chilema chimodzi: siima kuti imve yankho la mwana.

Sukulu nayo sinathandize msanga. Kuyambira mu 1966 ana anaphunzitsidwa m'Chingerezi chiyambire kalasi yoyamba, ndipo mwana amene akulimbana ndi mawu achilendo alibe mpata wolingalira za mawa la Kalulu. Amangoloweza ndi kubwereza pambuyo pa aphunzitsi. Zinayamba kusintha ndi Primary Reading Programme cha mu 1999, imene inabwezera zinenero za kwathu pa kuphunzira kuwerenga, ndipo mu 2014 boma linalamula kuti makalasi anayi oyamba aziphunzira m'chinenero cha m'deralo, chimene ku Lusaka chinali Chinyanja. Aphunzitsi analangizidwa kuonetsa ana chithunzi cha pachikuto, kuwerenga pang'ono, ndi kuima kuti afunse chimene chichitike. Ena anayesa kuti ndi nzeru yatsopano yochokera kutsidya kwa nyanja, chikhalirecho agogo awo anaichita opanda buku ndi choko.

Koma mphunzitsi mmodzi pakati pa khamu la ana sangamve yankho la aliyense, ndipo mmera mpoyamba. Chotero inu makolo a ku Kabanana, magetsi akathima madzulo ano, musatumize ana kukagona msanga. Akambireni nthano imene mukuikumbukira, muime pakati, muwafunse zimene zitsatire, ndipo mufunsenso chifukwa chake akutero.