Ana a ku Morgedal ndi Matabwa Awo Otsetserekera

Mukaonera Olympics ya m'nyengo yozizira pa foni, anthu atavala zipewa zolimba akutsika phiri mokhotakhota ngati mphenzi, mungaganize kuti masewerawa anayambira kwa anthu olemera. Komatu gwero lake ndi Morgedal, kachigwa ka alimi osauka m'dera la Telemark ku Norway.

Kumeneko m'zaka za m'ma 1800, chipale chofewa chinkakuta nthaka kwa miyezi yambiri. Ma ski, omwe ndi matabwa aatali opyapyala omangirira kumapazi, sanali choseweretsa poyamba. Ndi amene munthu ankayendera popita kukatola nkhuni, kutchalitchi kapena kukaona abale. Mwana akangolimba miyendo, bambo ake ankamusemera ake. Ndiye mwana ndi mwana basi: chimene akulu ankachitenga ngati chida cha ntchito, iye ankachisandutsa chosewerera. Lamlungu likakwana, ana ndi achinyamata ankadzaza m'mapiri, kupikisana kutsika ndi kudumpha.

M'modzi mwa ana amenewa anali Sondre Norheim, wobadwa mu 1825 m'kanyumba kotchedwa Øverbø. Banja lake linali m'gulu la ma husmann, anthu opanda malo awoawo, amene ankalipira lendi pogwira ntchito m'munda mwa mwini malo. Amene munamvapo za thangata ku Thyolo ndi ku Chiradzulu mwaimva kale nkhaniyo. A m'chigwamo amasimba kuti ali mwana, Sondre ankaunjika chipale kuseri kwa nyumba n'kumadumphira padenga. Tangoganizani muli m'nyumba mukuphika, pamwamba pangomveka phi!

Atakula anakonza vuto limene linkasautsa aliyense. Chingwe cha ma ski chinkagwira zala zokha, moti munthu akakhota mwamphamvu thabwa linkavuka. Sondre anatchukitsa chomangira choluka ndi mizu ya mitengo chozungulira chidendene, komanso matabwa opyapyala pakati kuti azikhota mosavuta. Mu 1868, ali ndi zaka 42, anapita ku Christiania, komwe lero ndi Oslo, n'kukagonjetsa anyamata ang'onoang'ono kwa iye. A m'tauni anangoti kakasi. Liwu loti slalom likuchokera m'chilankhulo cha kwawoko, ndipo kakhotedwe kena mpaka pano kamatchedwa Telemark.

Ana amene ankamuonerera ndi amene anapititsa nkhaniyi patsogolo, makamaka pachibale pawo Torjus ndi Mikkel Hemmestveit, obadwa mu 1860 ndi 1863. Aliyense amene anakula ndi mkulu wake kapena mng'ono wake akudziwa mmene zimakhalira. Wamkulu akadumpha, wamng'ono sagona mpaka amupose. Mpikisano wa pakhomo umenewu unawanola kwambiri moti ankapambana pa mipikisano ya ku Huseby, ndipo mu 1881 anayamba kuphunzitsa anthu ku Christiania, pa imene ambiri amati ndi sukulu yoyamba ya ski padziko lonse. Mu 1888 Torjus anapambana mpikisano wa makilomita 50.

Koma zikho sizidyedwa. Munda sunkakula pomwe ana ankachuluka, ndipo pakati pa 1825 ndi 1925 anthu pafupifupi 800,000 anachoka ku Norway kupita ku America. Sondre ananyamuka mu 1884 ndi mkazi wake Rannei, ali ndi zaka pafupifupi 60, n'kukathera ku North Dakota, dziko lachidikha lopanda phiri loti n'kutsetserekapo. Anamwalira konko mu 1897, ndipo manda ake anakhala zaka zambiri opanda chizindikiro. Mikkel anatsatira mu 1886, Torjus mu 1888. Iwo anakafikira ku Red Wing, m'chigawo cha Minnesota, komwe anadabwitsa anthu ndi madumphidwe awo. Mu 1893 Torjus anadumpha mamita 31, mtunda umene panthawiyo panalibe anaufikapo. Pambuyo pake Mikkel anabwerera kwawo, Torjus anatsala. Abale amene anaphunzirira paphiri limodzi anakalamba nyanja yaikulu ili pakati pawo.

Ulemu unabwera mochedwa. Mu 1928 abale awiriwa analandira mendulo ya Holmenkollen. Ndipo pa ma Olympics a 1952, 1960 ndi 1994, muuni unayatsidwa pachitofu cha m'kanyumba ka Øverbø kaja, m'nyumba ya munthu amene umphawi unamuchotsa m'dzikolo.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mabuku amasunga mayina a opambana ndi mamita amene anadumpha, koma salemba za makolo amene ankasema matabwa madzulo, kapena amene analola ana kutuluka kunja kukuzizira m'malo mowatsekera m'nyumba. Luso la Morgedal linakulira m'maola amene wina akanati ndi otaya nthawi. Ana anu akamathamangitsana ndi abale awo panja m'mawa wa June, milomo itauma ndi mphepo, muziyamba mwaonerera kaye musanawaitane kuti alowe.