Chitoliro, Gitala ndi Msewu

Pa 22 Novembala chaka chilichonse Eklezia imakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya anthu oimba. Pa tsikuli maganizo athu amathamangira ku makwaya a m'maparishi mwathu, ndipo n'koyeneradi kutero. Koma alipo oimba ena amene sitiwakumbukira kawirikawiri, aja a timagulu ta anthu atatu kapena anayi, amene lero aimba pamsika uno, mawa ali pa boma lina, mkuja sadziwa kumene adzagone. Mbiri ya nyimbo za dziko lathu siingamveke bwino tikasiya anthu amenewa. Tsono mwezi uno tiyeni tilondole mapazi a kagulu kamodzi kotere, ka ana a bambo Kachamba a ku Chileka, kuti tione chimene msewu udawapatsa, chimene udawalanda, ndiponso ngongole imene ife omvera tidatsala nayo.

Nyimbo zimene anawa adatchuka nazo zidachokera kutali. M'zaka za m'ma 1950, m'misewu ya Johannesburg, anyamata osauka a m'malokeshoni ankaimirira pamphambano n'kumaliza timatoliro tachitsulo totsika mtengo, anthu odutsa n'kumawaponyera makobiri. Maimbidwe ao adatchedwa kwela. Liwuli n'lachizulu, koma ife silitisokoneza, pakuti ndi lomwe lija timati kukwera. Ndipo galimoto za apolisi zimene zinkanyamula anthu ogwidwa m'misewumo ankazitchula kuti kwela-kwela. Spokes Mashiyane adamveka m'maiko onse a kuno kumwera chifukwa cha chitoliro chotere, ndipo m'chaka cha 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark idagulidwa kwambiri mpaka ku Britain.

Masiku amenewo makolo athu ambiri anali paulendo. Ena ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu ndi m'mizinda ya ku Halale kudzera ku Mthandizi, enanso ankangoyenda okha wapansi. Kuyambira 1953 mpaka 1963 dziko lathu linali m'chitaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo njira ya ku Salisbury siinkauma mapazi. Obwerako ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi masuti, komanso magalamafoni, mbale za nyimbo ndi magitala. Banja la bambo James Kachamba lidakhalako zaka zingapo ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kumeneko ana ao awiri, Daniel amene adabadwa mu 1947 ndi mng'ono wake Donald, adamva kwela ndi makutu ao, naiphunzira popanda sukulu, popanda buku. Banjali litabwerera kwao, m'mudzi wa Singano ku Chileka, anawo adabwera ndi chuma chimene wa kasitomu aliyense sakadachipeza m'sutikesi.

Tikayang'ana zida za gulu la kwela, tiona kuti adazipangadi ndi anthu apaulendo. Chitoliro chimalowa m'thumba la malaya. Woimba amachilowetsa kwambiri m'kamwa chopendekera ku tsaya, ndipo potero kachitsulo kosaoneka bwino kamatulutsa liwu lalikulu, lonona, lotha kupindika ngati liwu la munthu. Gitala wa a Kachamba anali wa nsambo zisanu, pakuti imodzi ankaichotsa dala kuti agwirizane ndi kakhwatchidwe kao. Liwu lamabesi linkachokera ku babatoni, ndiye kuti bokosi la matabwa longa lija lonyamulira tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Kuonjeza apo panali chisekese basi. Panalibe za magetsi, panalibe zokuzira mawu. Zida zonsezi anyamata atatu akadatha kuzisenza pamutu ndi paphewa, kuchokera ku Chileka mpaka mumzinda wa Blantyre.

Moyo wa timagulu totere m'zaka zimenezo achikulire ambiri pakati pathu adauona ndi maso. Oimba ankatsata ndalama kumene ili: pamsika tsiku la msika, pa depoti ya basi, m'malo omwera mowa, m'makomboni a m'minda ya tiyi ndi fodya anthu akangolandira kumene. Pansi ankaika chipewa kapena mbale. Kufikira mu 1971, pamene tidayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, zogweramo zinali makobiri, matiki ndi masikisi. Sheleni ikagwa, ndiye kuti tsikulo lakoma. Mwa zimenezo muchoke ya basi, ya nsima, ya nsambo zatsopano, zotsala agawane. Nsambo ikaduka kutali ndi sitolo, waya wa mabuleki a njinga unkalowa m'malo. Mvula ikagwa anthu ankabalalika, ndipo tsikulo lapita. Kogona kunali kwa mbale, kwa mnzao, kapena pakhonde la munthu wachifundo amene sadamudziwe n'kale lomwe.

Msewu womwewo ndiwo unali mphunzitsi wao. Akuluakulu adati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo palibe amene amadziwa zoona za mwambiwu kuposa munthu woimba pamsika, pakuti omvera ake sadagule tikiti, ndipo akatopa amangonyamula dengu lao n'kumapita. N'chifukwa chake ana a Kachamba sadakakamire pa kwela yokha. Adatola sinjonjo, simanjemanje, rumba ndi twist, adaika mawu a Chichewa, namaimba za chikondi, za imfa, za umphawi ndi za makhalidwe a anthu a m'mudzi. Nyimbo yobadwira ku Johannesburg idasanduka yathu chifukwa idayesedwa tsiku ndi tsiku pamaso pa amayi ogulitsa ndiwo ndi abambo odikira basi.

M'chaka cha 1967 katswiri wina wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik wa ku Vienna m'dziko la Austria, adawamva anyamatawa akuimba mu Blantyre. Anthu ambirimbiri anali atawadutsa kale m'misewu imeneyo, koma mlendoyu adaima, namvetsera, nazindikira kuti akumva akatswiri. Pajatu mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Adajambula nyimbo zao, adawatsatira kumudzi, ndipo pambuyo pake adalemba buku lonse lonena za iwo, limene m'Chingerezi lidatuluka mu 1974 ndi dzina loti The Kachamba Brothers' Band. Kuyambira mu 1972 msewu wao udatalika, nufika ku maiko ena a mu Africa ndi ku Ulaya. Daniel, amene anthu adazolowera kumutchula kuti Dr. Daniel Kachamba, adadabwitsa anthu akunja ndi gitala wake, pakuti munthu mmodzi ankamveka ngati aimba ndi anzake awiri.

Donald ndiye adayenda koposa. Kagulu kake nthawi zambiri kanali ka anthu atatu: iye mwini, Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka komweko pa babatoni, ndi Kubik uja, amene paunyamata wake anali woimba jazi kwao ku Vienna, ndipo tsopano adasanduka wophunzira wa mnyamata wa ku Singano. Kaguluka kadaimba m'maiko oposa 30 a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 1999 Donald adaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Chodabwitsa n'chakuti pamene kwela inali itazilala ku South Africa komwe idabadwira, anthu ofuna kuimva yamoyo ankaipeza kwa ana a ku Malawi.

Tisaganize kuti ulendo wa pandege umachotsa zowawa za ulendo wapansi. Woimba amasiya mkazi ndi ana, amasiya munda nthawi ya dzinja, maliro a mbale wake amawamvera m'kalata. Kuchilendo chakudya n'china, chinenero n'china, kuzizira n'kwina, ndipo omvera amakhala duu pamipando, osavina, mpaka nyimbo itatha. Komanso m'kagulu ka anthu atatu mulibe pobisala. Wachitoliro akadwala, nyimbo yadwala. Awiri akayambana masana chifukwa cha ndalama, madzulo ayenera kuimirira pamodzi ndi kumverana kugunda kwa nyimbo, pakuti wina akathamanga pang'ono, onse agwa. Moyo wotere umafuna kuleza mtima ndi kukhululukirana kwa tsiku ndi tsiku, monga zimafunikira m'banja kapena m'nyumba ya asisitere. Mu Uthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 10, timawerenga kuti Ambuye Yesu adatuma ophunzira ao awiriawiri, opanda thumba la ndalama, kuti adalire nyumba zimene zidzawalandire, ndipo pomwepo adakumbutsa kuti munthu wogwira ntchito ayenera kulipidwa. Oimba apaulendo sali atumwi, komabe moyo wao umatsamira pa zinthu ziwiri zomwezo: mnzako woyenda naye, ndi khomo lotseguka.

Apa ndiye pali funso lotikhudza ife. Kodi khomo lathu lidatseguka motani? Daniel Kachamba adamwalira pa 25 Julayi 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald adamutsatira mu Januwale 2001. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, tidatero podzitonthoza. Koma tiyenera kukumbukira kuti bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, la COSOMA, lidakhazikitsidwa mu 1992, potsatira lamulo la mu 1989, pamene Daniel anali atagona kale. Zaka zonse zimene nyimbo zake zinkasangalatsa mtundu wonse, dziko linalibe bungwe lotere loonetsetsa kuti thukuta la woimba likumubwerera. Tiyeneranso kukumbukira m'mene anthu ambiri, ngakhale akhristu, ankaonera munthu wa gitala. Ankamuyesa mlesi, woyendayenda, bwenzi la mowa, munthu wosayenera kumupatsa mwana wako wamkazi. Tinkavina nyimbo yake, mwini wake tikumunyoza.

Eklezia idatithandiza kuona zinthu mwa njira ina. Mu 1963 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chonena za mapemphero a Eklezia, udalamula kuti nyimbo za mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Pang'onopang'ono ng'oma ndi zisekese zidalowa m'tchalitchi, ndipo gitala adaleka kuoneka ngati chida cha kumowa chokha. Chipatso chimodzi cha mzimu umenewu tidachiona ku Balaka, kumene mu 1978 Paul Banda ndi anzake adayambitsa Alleluya Band mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Nalonso lidayamba ngati kagulu ka anyamata osauka, nalonso lidayenda m'misewu ya dziko lino mpaka kukafika ku Ulaya. Kusiyana kwake kunali kwakuti gululi linali ndi kwao: parishi yolisunga, malo ophunzirira, ndi akulu olilangiza. M'gulu limeneli mudakulira oimba ambiri, mmodzi mwa iwo Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 Juni 2024. Izi zikutiphunzitsa kuti luso lokha silikwanira. Mbalame youluka kutali imafunanso chisa.

Nako ku Singano moto sudazime. Dera lomwelo la Chileka lidabala Robert Fumulani, ndipo pambuyo pake Evison Matafale, amene adamwalira mu Novembala 2001, ndi gulu la Black Missionaries, limene ana a Fumulani adalipitiriza, nayenda nalo m'maboma a dziko lino. Donald atamwalira, anzake ndi achinyamata amene iye adawaphunzitsa adapitiriza kuimba kwela m'dzina lake. Zida zidasintha, magetsi adabwera, nyimbo tsopano zimayenda pa mafoni, koma woimba wamng'ono akadali munthu wapamsewu, wowerenga ndalama za pakhomo usiku kuti aone ngati zikwanira mafuta obwererera.

Nanga ife, owerenga okondedwa, tichitenji? Zoyenera kuchita si zapatali. Gulu la oimba likafika kwathu, tilipire pakhomo mokondwa, osati kulowera kumpanda kapena kudikira kuti chitseko chitsegulidwe chaulere. Tikawaitana ku ukwati kapena ku chikondwerero cha parishi, tigwirizane nao mtengo poyera, ndipo tiwapatse pa nthawi yake, osawauza kuti Mulungu ndiye adzawalipira. Tiwapatse madzi osamba, chakudya chotentha ndi malo abwino ogona, monga tikadachitira mlendo aliyense wolemekezeka. Tisamagawane nyimbo zao mwakuba, pakuti lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu limatetezanso chuma chosagwirika ndi manja. Holo ya parishi, imene imakhala yotseka masiku ambiri pa sabata, ingathe kukhala malo ophunzirira achinyamata a luso amene alibe kopita.

Ndipo tiphunzire kuima ndi kumvetsera. Ana a Kachamba adaimba zaka zingapo m'misewu ya Blantyre asadapeze munthu wowamva mokwanira, ndipo munthuyo adachita kuchokera ku Vienna. Lero lomwe, pamsika wina kapena pa depoti ina ya dziko lino, pali mnyamata amene akukhwatcha banjo yopanga yekha ndi chigubu cha mafuta, mng'ono wake akugwedeza chisekese pambali pake. Tisadikirenso mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja kuti adzatiuze dzina lake.