Mphete pa Mwendo wa Namzeze

Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Ulaya ankazunguzika mutu ndi kumene anamzeze amalowera chisanu chikamayandikira. Ngakhale anthu ophunzira ena ankakhulupirira kuti amakagona m'matope pansi pa maiwe!

M'chaka cha 1899 Hans Christian Mortensen, mphunzitsi wa ku Viborg m'dziko la Denmark, anayamba kuveka mbalame timphete ta aluminiyamu tolembedwa nambala ndi keyala, kuti wozitola adzamudziwitse. Nzeruyo inafalikira msanga. Namzeze wina amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, ku Mangalande, mu Meyi 1911, anagwidwa pa famu ina ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Kambalame kolemera magalamu pafupifupi 20 kanali kataoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara, mphete ili kumwendo.