Zokometsera za nyama posankhana

Zokometsera za nyama posankhana ndi zizindikiro za pathupi, monga mchira wautali, nthenga zowala kapena lipombo la tambala, zimene sizithandiza nyama kupeza chakudya kapena kuthawa adani, koma zimaithandiza kupeza inzake yobereka nayo. Kawirikawiri zimapezeka pa zamphongo, chifukwa m'mitundu yambiri yaikazi ndiyo imasankha. Yaikazi imataya mphamvu zambiri poikira mazira, kufungatira ndi kulera ana, choncho ikasankha molakwika imataya zambiri.

Mbiri ya ganizoli

Charles Darwin, wasayansi wa ku England, anavutika kumvetsa chifukwa chimene pikoko wamphongo ali ndi mchira waukulu wolemetsa. M'buku lake la 1871, The Descent of Man, and Selection in Relation to Sex, anafotokoza kuti pali njira ziwiri: zamphongo zimalimbirana zazikazi, ndipo zazikazi zimasankha yamphongo yozisangalatsa. Yosankhidwayo imabereka ana ambiri, ndipo anawo amatengera chizindikiro chake. Izi zikachitika kwa mibadwo yambirimbiri, chizindikirocho chimakulirakulira.

Asayansi ena anayesa kufotokoza chimene yaikazi imapindula. Mu 1930, Ronald Fisher ananena kuti yaikazi ikasankha yamphongo yokongola, ana ake aamuna nawonso adzakondedwa, pamene ana aakazi adzatengera kukonda kwa mayi wawo. Mu 1975, Amotz Zahavi anati chokometsera chimanena zoona chifukwa ndi katundu wolemera: yamphongo yofooka singathe kuchinyamula n'kukhalabe ndi moyo. Mu 1982, William Hamilton ndi Marlene Zuk anawonjezera kuti nthenga zowala zingasonyeze kuti mbalameyo ilibe tizilombo toyambitsa matenda. Maganizo atatuwa satsutsana kwenikweni, ndipo onse angagwire ntchito pa nyama imodzi.

Mbalame ya m'madambo a ku Dedza

Chitsanzo chooneka bwino m'Malawi ndi mbalame yaing'ono imene asayansi amaitcha Euplectes ardens. Imakhala m'maudzu aatali a m'madera okwera, kuphatikizapo madambo ndi m'mphepete mwa minda ya ku Dedza. M'chilimwe yamphongo ndi yaikazi zimafanana: zonse ndi zotuwa, za mchira waufupi, zovuta kuziona m'udzu wouma. Mvula ikayamba, yamphongo imathothoka nthenga n'kumera zakuda bii, mkanda wofiira pakhosi, ndi mchira wa masentimita pafupifupi 20, wotalika kuposa thupi lake lonse. Imadzigawira kachigawo ka dambo, n'kumauluka pang'onopang'ono pamwamba pa udzu, mchira utatambasuka. Yamphongo imodzi ingakhale ndi zisa za zazikazi zingapo, ina osapeza ngakhale imodzi.

Sarah Pryke ndi Staffan Andersson anafufuza mbalameyi ku KwaZulu-Natal, ku South Africa, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anapeza kuti zokometsera ziwirizi zili ndi ntchito zosiyana. Zazikazi zimayang'ana kutalika kwa mchira, pamene mkanda wofiira ndi chenjezo kwa zamphongo zinzake polimbirana malo. Kufiirako kumachokera m'zakudya zimene mbalameyo imadya.

Umboni wina unachokera ku Kenya mu 1982, pa mbalame ya banja lomweli, Euplectes progne, imene mchira wake umafika theka la mita. Malte Andersson anadula michira ya zamphongo zina, nthenga zodulidwazo n'kuzimata pa michira ya zina. Za michira yotalikitsidwa zinapeza zisa zatsopano zambiri kuposa zofupikitsidwa.

Mchira wotere uli ndi mtengo wake. Umachedwetsa kuuluka, makamaka ukanyowa, ndipo nthenga zakuda zimaoneka patali kwa kabawi. Nyengo yoswana ikatha, yamphongo imataya nthenga zonsezi n'kubwerera ku mtundu wotuwa.

Nsomba za m'Nyanja ya Malawi

Kutsika kuchoka kumapiri a Dedza kudzera ku Golomoti, munthu amafika kunyanja, kumene kuli zitsanzo zina zodziwika padziko lonse. Mbuna zamphongo zambiri zimawala mobiriwira ngati thambo, ndipo zazikazi zimazindikira mtundu wawo poona maonekedwe amenewa. Asayansi ambiri amakhulupirira kuti kusankha kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyanjayi ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la mbuna ndi chambo.

Nsomba zina chokometsera chawo sichili pathupi. Zamphongo za mtundu wa Mchenga zimatuta mchenga ndi pakamwa n'kumanga timilu pansi pa nyanja. Kenneth McKaye, amene anazifufuza ku Cape Maclear m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti zazikazi zimakonda zamphongo za timilu tatitali. Kamuluko si chisa cholereramo ana, chifukwa yaikazi ikangoikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa mwake mpaka ataswa.

Zoopseza

Chokometsera chimagwira ntchito pokhapokha chikuoneka. Kukokoloka kwa nthaka kumadetsa madzi a m'nyanja, ndipo makoka okokedwa pansi amasalaza timilu ta mchenga. Kumtunda, kulima m'madambo kumachepetsa udzu wautali umene mbalamezi zimamangamo zisa.