Mmene Njira za Njinga za ku Netherlands Zinabadwira

Dziko la Netherlands lilibe mapiri oti munthu n'kuwatchula. Malo okwera kwambiri m'chigawo chake cha ku Ulaya ndi chitunda cha Vaalserberg, cha mamita 322 okha, kumalire ndi Belgium ndi Germany. Mbali yaikulu ya dzikoli ndi chidikha, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthaka lili m'munsi kuposa madzi a m'nyanja. Minda yambiri inali madambo ndi zithaphwi, eni dziko n'kuzitchinga ndi mitumbira, kukumba ngalande ndi kupopa madzi mpaka pansi pauma. Alendo akaona ana, azimayi oyembekezera ndi nkhalamba akupalasa njinga pakati pa minda imeneyi popanda galimoto yowaopseza, amafulumira kunena kuti chinsinsi ndi kusalala kwa dzikolo. Kusalalako kumathandiza ndithu, koma bata la m'njirazi lili ndi mbiri yake, ndipo ndi yaitali.

Njinga yeniyeniyo inachokera kwina. Mu 1817, Karl von Drais wa ku Germany anayendetsa chipangizo chamatabwa cha mawilo awiri mumzinda wa Mannheim, akudzikankha ndi mapazi pansi. Mapedulo anadza m'zaka za m'ma 1860 ku Paris, atamangiriridwa kuwilo lakutsogolo. Kenaka kunabwera njinga ya chiwilo chachikulu kutsogolo, imene wokwera akagwa ankagwa chamutu. Zinthu zinasintha mu 1885 pamene John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, ya mawilo pafupifupi ofanana ndi tcheni chokoka wilo lakumbuyo, ndiponso mu 1888 pamene John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya ku Belfast. Kuyambira pamenepo njinga inakhala ya aliyense amene akanatha kuigula.

Poyamba ogulawo anali ana a anthu olemera. Pa 1 July 1883, timagulu ta achinyamata otere tinakumana ku Utrecht n'kukhazikitsa bungwe limene posakhalitsa linatchedwa ANWB. Misewu ya nthawi imeneyo inali yamchenga, yamatope kapena yamiyala yogwedeza mano, ndipo inali ya ngolo ndi akavalo. Mu 1885 akuluakulu a mzinda wa Utrecht analola kuti kanjira kena m'mbali mwa msewu wa mitengo wotchedwa Maliebaan kakhale ka okwera njinga. Kanjira kameneka ndi kamene ambiri amakatchula kuti njira yoyamba ya njinga m'dzikomo.

Chimene chinaumba khalidwe la kapalasidwe ka Adatchi, m'kuona kwanga, ndi chisankho cha mu 1898. Chaka chimenecho ANWB inasiya zoyendetsa mipikisano n'kuika mtima wonse pa maulendo oona dziko, ndipo lamulo la mu 1905 linaletsa mipikisano m'misewu ya anthu onse. Pamene ku France ndi ku Belgium njinga inkatchuka ndi liwiro ndi thukuta, ku Netherlands inakhala chokwera cha munthu wodekha, wokhala mowongoka pachishalo, wofuna kuona minda, ng'ombe ndi mitsinje. Munthu wotere safuna msewu waukulu. Amafuna kanjira kosalala, kopanda fumbi, komupititsa kumene ngolo sizifika.

Ndiye anthu anayamba kudzilambulira okha. Kunabadwa mabungwe a m'madera osonkha ndalama zomangira tinjira ta njinga, ndipo limodzi lodziwika bwino ndi la Gooi en Eemland, la mu 1914. Tinjirati tinali topapatiza, tambiri tothiridwa zigoba za nkhono zophwanyaphwanya, ndipo tinkadutsa m'nkhalango ndi m'tchire kutali ndi misewu. Kuti munthu asasochere, mu 1919 ANWB inayamba kuika zikwangwani zazifupi zooneka ngati bowa, zoyambirira pakati pa Laren ndi Baarn. Zinapangidwa zazifupi dala, kuti wopalasa aziwerenga maso ali pansi komanso kuti zisaononge maonekedwe a tchire. Mpaka lero zilipo.

Mitengo ya njinga itatsika, antchito a m'mafakitale, aphunzitsi ndi alimi onse anakwera, ndipo boma linaona pokolola. Kuyambira mu 1924 mwini njinga aliyense ankalipira msonkho wa chaka ndi chaka, n'kulandira kachitsulo kosonyeza kuti walipira. M'zaka za ulova za m'ma 1930 anthu osowa ntchito ankalandira kachitsuloko kwaulere, koma kanali koboola pakati, moti aliyense ankadziwa umphawi wa mwini wake. Chinali chinthu chochititsa manyazi, ndipo anthu ankadana nacho. Ndalama zambiri za msonkhowu zinapita kukamanga misewu imene inapindulitsa eni galimoto, amene anali ochepa. Komabe, popeza okwera njinga ankalipira, mawu awo ankamveka, ndipo m'mbali mwa misewu ikuluikulu yambiri munamangidwa njira zawo. Msonkhowu unathetsedwa mu 1941 ndi Ajeremani amene anali atalanda dzikolo, omwewonso amene pambuyo pake analanda anthu njinga zambirimbiri.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chuma chinakwera ndipo galimoto inalowa m'makomo a anthu wamba. Okonza mizinda ankaona njinga ngati chinthu chakale chimene chizimiririka chokha. Anagwetsa nyumba, anakwirira ngalande zina kuti pakhale misewu, ndipo mabwalo a m'mizinda anasanduka poimika galimoto. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu oposa 3,000 ankafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo mwa iwo ana anali oposa 400.

Mmodzi mwa ana amenewa anali mwana wamkazi wa mtolankhani Vic Langenhoff, amene anagundidwa ndi galimoto mu 1971 akupita kusukulu panjinga. Mu 1972 bamboyo analemba nkhani m'nyuzipepala ya De Tijd yopempha kuti kuphedwa kwa ana kuleke, ndipo pamenepo panabadwa gulu la Stop de Kindermoord, limene mtsogoleri wake woyamba anali mayi wachitsikana, Maartje van Putten. Makolo anatseka misewu, kuika matebulo pakati pa phula n'kudyera pomwepo, ana akusewera. Sindiwerenga mbali iyi ya mbiri popanda kugwidwa chisoni, chifukwa njira zimene alendo amajambula lero mosangalala zinapemphedwa ndi anthu amene anaika ana awo m'manda.

Kenaka kunadza vuto la mafuta la mu 1973. Maiko a Aluya atasiya kugulitsa mafuta ku Netherlands, boma la Joop den Uyl linaletsa galimoto kuyenda Lamulungu, kuyambira pa 4 November 1973 mpaka kumayambiriro kwa January 1974. Anthu anapalasa njinga pamisewu ikuluikulu yopanda kanthu, ndipo ambiri anamva bata limene anali ataliiwala. Mu 1975 kunabadwa bungwe lomenyera ufulu wa okwera njinga, limene lero limatchedwa Fietsersbond. Boma linalipirira njira zoyesera ku Tilburg ndi ku The Hague, zofiira kuti aliyense azidziwa eni ake. Phunziro linali lakuti njira imodzi yokongola sikwanira ngati ikuthera pamphambano yoopsa, ndipo mzinda wa Delft unaonetsa ubwino wolumikiza njira zonse kuti munthu achoke pakhomo mpaka kumene akupita osatayidwa pakati pa magalimoto.

Kumidzi ntchito inapitirira mwa njira yakeyake. Mu 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la Fietsplatform, limene linalumikiza njira zazitali zotsata gombe ndi mitsinje monga Maas. Koma nzeru imene inapeputsa maulendowa kwambiri inachokera kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Limburg ku Belgium, kumene mgodi womaliza wa malasha unatsekedwa mu 1992 anthu n'kusowa ntchito. Injiniya wa m'migodi, Hugo Bollen, anaganiza zopereka nambala kumphambano iliyonse ya njira za njinga. Dongosololi linayamba mu 1995, kenaka linafalikira ku Netherlands konse. Munthu amangolemba manambala pakapepala n'kukamata pamahandulo, ndipo akafika pamphambano chikwangwani chimamulozera nambala yotsatira. Akatopa amafupikitsa ulendo, akakhala ndi mphamvu amautalikitsa, osafunsa njira kwa aliyense.

Lero dzikolo lili ndi njira za njinga zokwana makilomita pafupifupi 35,000, ndipo njinga n'zambiri kuposa anthu. Munthu atha kupalasa pamwamba pa mtumbira madzi ali kumanzere, minda ili m'munsi kumanja, kudutsa makina 19 akale opopa madzi ndi mphepo a ku Kinderdijk, kuoloka mtsinje pa pantoni yaing'ono, kapena kulowa m'nkhalango ya De Hoge Veluwe, kumene njinga zoyera amabwereka kwaulere. Asaganize kuti popanda zitunda ndiye popanda thukuta: m'chidikha mphepo ilibe choitchinga, moti kuyambira mu 2013 pamakhala mpikisano wopalasa molimbana ndi mkuntho pa chipupa cha Oosterscheldekering, pa njinga wamba zopanda magiya.

Vuto la masiku ano ndi kudzaza. Kanjira kamene kanamangidwira munthu wodekha uja tsopano mumadutsa magulu a othamanga ovala zothina, njinga zamagetsi, njinga zonyamula ana m'bokosi lakutsogolo, ndi okalamba amene batire lawabwezera mphamvu koma mafupa ali ofooka. Mu 2022 okwera njinga pafupifupi 290 anafa pangozi, kuposa amene anafera m'galimoto, ndipo oposa theka anali a zaka 70 kapena kuposerapo. Makhonsolo ayamba kukulitsa njira, kuchotsa mizati imene anthu amaiomba, ndi kumanga njira zotakata zolumikiza mizinda, monga RijnWaalpad ya pakati pa Arnhem ndi Nijmegen, imene inatsegulidwa mu 2015.