Amisiri a Magetsi m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Pamene Maclean Kay anakhazikitsa munda wa Satemwa m'chaka cha 1923, tiyi atayamba kale kubiriwira m'zitunda za Thyolo, mmisiri wa pafakitale ankadziwika ndi manja ake ndiponso ndi dzina la mkulu amene anamlera pa ntchito. Ndipo mwambo umenewu unapitirira ngakhale magetsi atafika, pakuti mnyamata ankayamba ndi kunyamula makwerero ndi bokosi la zipangizo, napenyerera zaka zambiri asanaloledwe kugwira waya wamoto. Magetsi a pa Nkula atayaka mu 1966, ndi mawaya a ESCOM atafalikira pang'onopang'ono ku Bvumbwe, Luchenza ndi Makwasa, ena mwa amisiri aja anatuluka m'mafakitale kukadzigwirira okha ntchito m'nyumba za anthu, kumene kunalibe kapitawo woyang'ana pa cholumikiza chilichonse.

Apa m'pamene pepala la umisiri linayamba kulemera. Wakale ankayesedwa pa Trade Test ya Unduna wa Zantchito, kukwera kuchokera Giredi 3 kufikira Giredi 1; panalinso njira yachiwiri, ya kusukulu za luso, imene bungwe la TEVETA linayamba kuyang'anira litabadwa mu 1999. Mnyamata wa lero afunse akulu, poti safunsa anadya phula. Komabe njira zonsezi zimakathera pakhomo limodzi, la MERA, bungwe lobadwa ndi lamulo la 2004, limene limapereka chilolezo choika mawaya m'nyumba. Ine ndiyesa lamuloli nlolungama ndithu, pakuti nyumba imene mmisiri wailumikiza masana, ana a mwini wake amagonamo usiku, ndipo ESCOM siyenera kuikamo mita popanda siginecha ya munthu wovomerezeka.